Mitengo ya nyumba yakwera komanso yatsika: zitheka bwanji mumzinda umodzi?

Sabata imodzimodziyo mutha kuwerenga nkhani ziwiri za mzinda umodzi. Ina ikuti mitengo ya nyumba yakwera chaka chino. Inayo ikuti eni mafulati akusowa ogula, moti ena akugulitsa pamtengo wotsika kuposa umene anagulira. Owerenga ambiri amangoti apa pali wabodza, ngati si mtolankhani ndiye ejenti wofuna kukopa makasitomala. Koma kawirikawiri onse awiri amakhala akunena zoona. Chosokoneza ndi mawu akuti "mtengo wa nyumba mumzinda uno", ngati kuti nyumba zonse zimagulitsidwa pamsika umodzi. Mzinda uliwonse uli ndi misika ya nyumba ingapo, ogula ake osiyana, ngongole zake zosiyana, mavuto akenso osiyana. Nambala imene timaiona pamutu wa nkhani ndi chisakanizo cha misika yonseyi, ndipo kuti tiimvetse tiyenera kuimasula.

## Mitundu ya nyumba

Mabungwe owerengera mitengo amakonda kugawa nyumba m'magulu anayi. Pali nyumba yoima payokha, yosagundana khoma ndi ina, yokhala ndi bwalo lakelake. Pali nyumba ziwiri zogawana khoma limodzi pakati, banja lina uku, lina uko. Pali nyumba za mdadada, zolumikizana kuyambira kumutu kwa msewu mpaka kumapeto. Ndiye pali mafulati, momwe mabanja ambiri amakhala m'nyumba imodzi yosanja, wina pamwamba pa mnzake.

Magulu amenewa sanabadwe tsiku limodzi. Midadada inachuluka m'mizinda ya mafakitale ya ku Britain, monga Manchester ndi Leeds, m'zaka za m'ma 1800, pamene antchito ankafunika kugona pafupi ndi ntchito. Nyumba zosanja n'zakale kuposa pamenepo. Ku Rome wakale zinaliko, koma wokhala pamwamba anali wosauka, poti ndiye ankakwera masitepe onse atasenza madzi. Chikepe choyamba chonyamula anthu cha kampani ya Otis chinaikidwa m'sitolo ina ku New York mu 1857, ndipo patapita zaka zinthu zinatembenuka. Lero zipinda zapamwamba penipeni ndizo zodula. Chipangizo chimodzi chinasintha mtengo wa zipinda popanda kusuntha njerwa ndi imodzi yomwe.

Kusiyana kwa magulu amenewa si kwa makoma okha ayi, koma kwa anthu amene amafika kudzagula. Fulati yaing'ono imagulidwa ndi wachinyamata amene akugula koyamba, wodalira ngongole ya kubanki pafupifupi pa ndalama zonse, kapena ndi munthu wofuna kuika alendi. Nyumba yaikulu yoima payokha imagulidwa ndi banja limene mwina lagulitsa nyumba ina, ndipo lafika ndi ndalama m'manja. Chimene chingagwetse woyambayo, wachiwiriyo sangachimve n'komwe.

## Avereji ndi nambala yapakati

Avereji tonse tinaiphunzira kusukulu: phatikizani mitengo yonse, mugawe ndi chiwerengero cha nyumba. Nambala yapakati imapezeka mwanjira ina. Mumasanja mitengo kuyambira wotsikitsitsa mpaka wokwera koposa, n'kutenga umene wakhala pakati penipeni.

Tiyerekeze kuti mwezi uno zagulidwa nyumba zisanu pa mitengo iyi: 10, 12, 14, 16 ndi 18 miliyoni, ndalama ya dziko lililonse limene mungaganize. Avereji ndi 14, nambala yapakati ndi 14. Mwezi wamawa zinayi zagulidwa pa mitengo yomweyo, koma yachisanu ndi chinyumba cha munthu wolemera cha 98 miliyoni. Avereji yalumpha kufika 30, pomwe nambala yapakati ikadali 14. N'chifukwa chake ambiri olemba za nyumba amakonda nambala yapakati. Chinyumba chimodzi sichiikoka.

Komabe nayonso ili ndi chilema, ndipo chilema chimenechi ndicho chimabala nkhani zambiri zosokeretsa. Tiyerekezenso mzinda umene fulati iliyonse ndi 10 miliyoni, nyumba yoima payokha iliyonse 40 miliyoni. Mwezi woyamba agula mafulati 8 ndi nyumba zazikulu ziwiri, avereji 16. Mwezi wachiwiri agula mafulati asanu ndi nyumba zazikulu zisanu, avereji 25. Nyuzi ilemba kuti mitengo yakwera ndi 56 peresenti, chonsecho palibe nyumba imene yasintha mtengo. Chasintha ndi mtundu wa zimene zagulidwa. Nyumba zazikuluzo zikadafika zisanu ndi imodzi, ngakhale nambala yapakati ikadachoka pa 10 n'kukatera pa 40. Zili ngati kalasi imene mwalowa ana atatu aataliatali: avereji ya msinkhu ikwera, koma palibe mwana amene watalika usiku umenewo.

## Mlozo wa mitengo

Pofuna kuthana ndi chilema chimenechi akatswiri anapanga mlozo, nambala yosonyeza mmene mtengo wa nyumba yofanana ukusinthira, osati mtengo wa zimene zangopezeka kuti zagulidwa mwezi umenewo. Njira zake zazikulu ndi ziwiri.

Yoyamba ndi kutsata nyumba imodzimodziyo nthawi iliyonse ikagulitsidwa. Ngati inagulidwa mu 2010 n'kugulitsidwanso mu 2020, kusiyana kwa mitengo iwiriyo kukutiuza kanthu kokhudza msika, poti nyumba ndi yomweyo, msewu womwewo. Mukasonkhanitsa nyumba masauzande zotere mumapeza chithunzi. N'chimodzimodzi kuyeza mwana yemweyo pasikelo miyezi yosiyana, m'malo moyeza ana osiyana. Njirayi anaifotokoza Martin Bailey, Richard Muth ndi Hugh Nourse mu 1963, kenaka Karl Case ndi Robert Shiller anaikonza m'zaka za m'ma 1980, ndipo mlozo wa Case-Shiller wa ku United States umatchedwa ndi mayina awo. Pali zinthu ziwiri zimene owerenga ambiri sazidziwa za mlozo umenewu. Nyumba zatsopano sizilowamo, chifukwa sizinagulitsidwepo kale. Ndipo mlozo waukuluwo umawerenga nyumba za banja limodzi zokha. Mafulati ali ndi milozo yawo yapadera, ya mizinda yowerengeka monga New York, Boston ndi Chicago. Choncho mwini fulati akamva kuti mlozo wakwera, mwina nkhaniyo siikumukhudza.

Njira yachiwiri ndi kuphwanya mtengo wa nyumba m'zidutswa, monga mmene lisiti ya m'sitolo imasonyezera mtengo wa chinthu chilichonse m'malo mwa ndalama yonse pamodzi. Chipinda chogona chowonjezera chikuwonjezera zingati? Nanga bwalo, galaja, kuyandikira siteshoni ya sitima? Akadziwa zimenezi amatha kuwerengera mtengo wa nyumba yongoyerekeza, yosasintha, mwezi ndi mwezi. Njirayi inayambira pa magalimoto, osati nyumba. Andrew Court anaigwiritsa ntchito mu 1939 pofuna kusiyanitsa kukwera kwa mtengo wa galimoto ndi kukwera kwa ubwino wake, ndipo Sherwin Rosen anaiikira maziko olimba mu 1974. Kufooka kwake n'kwakuti imangoona zimene zalembedwa pafomu. Phokoso la bala loyandikana nalo, chinyezi cha m'khoma, mthunzi wa mtengo wa pabwalo, zonsezi wogula amaziona, koma kompyuta siziona.

## Mtengo wake uti?

Nyumba imodzi imakhala ndi mitengo itatu isanasinthe mwini. Pali umene wogulitsa watchula potsatsa, pali umene wagwirizana ndi wogula banki n'kuvomereza ngongole, ndipo pali umene walembedwa m'kaundula wa boma zonse zikatha. Ku Britain mitengo itatu yonseyi imafalitsidwa, n'chifukwa chake nkhani zake zimaoneka ngati zikutsutsana. Rightmove, tsamba la pa intaneti lotsatsirapo nyumba, imalengeza mitengo yotsatsira. Mabungwe awiri obwereketsa ndalama zogulira nyumba amalengezanso yawo: Nationwide, imene ziwerengero zake zinayamba mu 1952, ndi Halifax, imene zake zinayamba mu 1983, zimawerengera pa ngongole zimene zavomereza zokha, kotero ogula ndi ndalama zawozawo salowamo. Mlozo wa boma umadalira kaundula wa HM Land Registry, ndiye ndi wokwanira kuposa inayo, koma umafika mochedwa ndipo umakonzedwanso zikalata zina zikamafika.

Mtengo wotsatsira umasonyeza zimene ogulitsa akulakalaka. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Komabe usanyozedwe, chifukwa ndiwo umayamba kusonyeza kumene mphepo ikulowera, miyezi ingapo kaundula asanadziwe.

Palinso vuto la kuchepa. Mzinda wonse utha kukhala ndi malonda masauzande pamwezi, koma mukangotenga nyumba zoima pazokha za dera limodzi, mwina zagulidwa zisanu ndi ziwiri. Kuchokera pa nyumba zisanu ndi ziwiri munthu atha kulemba mutu wa nkhani uliwonse umene akufuna. Ine ndikaona peresenti yaikulu ya kadera kakang'ono, funso langa loyamba limakhala lakuti: zagulidwa zingati?

## Malo ndi chimango

Apa ndi pamene pagona nkhani. Wogula nyumba amagula zinthu ziwiri nthawi imodzi, chimango ndi malo amene chimangocho chaimapo. Ziwirizi zimayenda mosiyana. Chimango chimakalamba. Denga limadontha, mapaipi amachita dzimbiri, utoto umasuwa, ndipo chaka chilichonse chimafuna ndalama kuti chingokhala mmene chinalili. Malo sakalamba, ndiponso malo apafupi ndi ntchito, sukulu zabwino ndi misewu sangapangidwe ena m'fakitale. Ku Japan malamulo a msonkho amati nyumba yamatabwa imatha mtengo m'zaka 22, yakonkire wokhala ndi zitsulo m'zaka 47, ndipo kumeneko si zachilendo kugula nyumba yakale pamtengo wa malo okha, n'kuigwetsa.

Maganizo amenewa ndi akale. Mu 1817 David Ricardo anafotokoza kuti mbewu sizidula chifukwa choti lendi ya munda ndi yokwera, koma lendi ya munda imakwera chifukwa choti mbewu zikudula. Kunena kwina, mtengo wa malo umachokera pa zimene anthu angapindule pokhala pamalopo. Johann Heinrich von Thünen, mlimi wa ku Germany, anasonyeza mu 1826 kuti munda wapafupi ndi msika umadula chifukwa mwini wake sawononga zambiri pa mayendedwe. William Alonso anatengera maganizo omwewo kumizinda mu 1964: anthu amalipira malo apakati pa mzinda pofuna kupulumutsa nthawi ndi ndalama za ulendo wa kuntchito, ndipo mukamatalikira mtengo wa malo umatsika, mabwalo n'kumakula.

Mu 2017 akatswiri atatu a zachuma, Katharina Knoll, Moritz Schularick ndi Thomas Steger, anafalitsa kafukufuku wa mitengo ya nyumba m'mayiko olemera 14 kuyambira 1870. Anapeza kuti pa kukwera konse kumene kwachitika chithere nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pafupifupi 80 peresenti kwachokera ku mtengo wa malo, osati ku simenti, njerwa kapena malipiro a amisiri.

Tsopano onani mmene zimenezi zimalekanitsira mitundu ya nyumba. Tengani nyumba ziwiri, iliyonse ya 100 miliyoni. Yoyamba yoima payokha, pamtengo wake 60 ndi malo, 40 chimango. Yachiwiri ndi fulati, yogawana puloti imodzi ndi mabanja ena makumi angapo, kotero gawo lake la malo ndi 20, chimango 80. Malo akakwera ndi theka, yoyamba ifika 130, yachiwiri 110. Mzinda umodzi, chaka chimodzi, wina wapindula 30 peresenti, mnzake 10. Malo akatsika masamu omwewo amagwira chobwerera, ndipo mwini bwalo lalikulu ndiye amalira kwambiri. Izi sizikutanthauza kuti fulati iliyonse ili ndi gawo lochepa la malo. Pakati pa mzinda wodula, kachigawo kakang'ono ka puloti katha kuposa mtengo wa bwalo lonse la kunja kwa mzinda. Chofunika kufunsa pa nyumba iliyonse n'chakuti, pa ndalama zimenezi, zingati ndi za nthaka?

## Umwini wake ndi wotani

Mwini nyumba yoima payokha m'mayiko ambiri amakhala mwini wa malo mpaka kalekale. Mwini fulati kawirikawiri amakhala ndi zipinda zake, koma denga, chikepe, makoma akunja ndi maziko ndi za onse. Kwina amakhala ndi lizi ya zaka zowerengeka. Ku England mafulati ambiri amagulitsidwa pa lizi, nthawi zambiri ya zaka 99 kapena 125, ndipo zaka zotsala zikachepa mabanki amayamba kukayika kubwereketsa. Ku Singapore, kumene anthu pafupifupi 8 mwa 10 alionse amakhala m'mafulati omangidwa ndi bungwe la boma la HDB, lizi ndi ya zaka 99. Ku China ufulu wogwiritsa ntchito malo okhalapo ndi wa zaka 70. Lizi ili ngati kandulo, imayaka bwinobwino koma ikufupika.

Kugawana denga kumatanthauza kugawana bilu. Eni mafulati amalipira ndalama ya mwezi ndi mwezi yosamalira nyumba yonse ndi inshuwalansi, ndipo ndalama imeneyi ikakwera wogula amaichotsera pa mtengo umene angapereke. Zochitika ziwiri zinasonyeza poyera kukula kwa nkhaniyi. Pa 14 June 2017 moto unapsereza nyumba yosanja ya mafulati yotchedwa Grenfell Tower ku London ndipo anthu 72 anamwalira. Motowo unafalikira kudzera m'zokutira kunja kwa khoma, zimene zinaikidwa pokonzanso nyumbayo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zitadziwika kuti nyumba zosanja zambiri zili ndi zokutira zoopsa, mabanki anayamba kufuna umboni wa chitetezo asanapereke ngongole, ndipo fomu yosonyeza ngati makoma akunja ali otetezeka ku moto, yotchedwa EWS1, inayamba mu December 2019. Eni mafulati ambiri anapezeka ali ndi nyumba zosagulitsika kwa zaka. Ku Surfside, m'boma la Florida, mbali ya nyumba yosanja ya mafulati yotchedwa Champlain Towers South inagwa pa 24 June 2021 n'kupha anthu 98. Chaka chotsatira Florida inakhazikitsa lamulo loti nyumba zosanja zakale ziziyenderedwa ndi akatswiri komanso kuti eni ake azisunga ndalama zokwanira zokonzera. Mabilu anakwera, ndipo ambiri anaika mafulati awo pamsika.

Pali kanthu kena kobisika apa. Nyumba imene yalephera kugulitsidwa silowa mu mlozo uliwonse, poti mlozo umawerenga malonda amene achitika. Ndiye nthawi imene mafulati ali pamavuto aakulu, ziwerengero zitha kumaoneka bwinobwino chifukwa zikungowerenga abwino amene apeza ogula.

## Chiwongoladzanja

Anthu ambiri sagula nyumba poyang'ana mtengo wake wonse. Amayang'ana ndalama imene azibweza kubanki mwezi uliwonse. Masamu ake ndi awa. Ngongole ya 100,000 yobweza m'zaka 25, pa chiwongoladzanja cha 2 peresenti, imafuna pafupifupi 424 pamwezi. Pa 6 peresenti imafuna pafupifupi 644. Munthu amene thumba lake limalola 424 yokha, chiwongoladzanja chikafika 6 peresenti angabwereke pafupifupi 66,000. Malipiro ake sanasinthe, koma mphamvu yake yogulira yachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Zimenezi zinachitikadi. Bank of England, banki yaikulu ya ku Britain, inayamba kukweza chiwongoladzanja chake kuchoka pa 0.1 peresenti mu December 2021 n'kuchikwezabe pang'onopang'ono mpaka 5.25 peresenti mu August 2023. Ku United States ngongole ya nyumba ya zaka 30 inatsika kufika 2.65 peresenti mu January 2021, n'kukwera kufika 7.79 peresenti mu October 2023. Pamene chiwongoladzanja chinali pansi ogula anasangalala, koma poti aliyense ankatha kubwereka zambiri, mitengo inathamanga. Walira mvula walira matope.

Chodabwitsa chinabwera pambuyo pake. Ambiri ankayembekezera kuti mitengo ku United States igwa monga inagwera pakati pa 2006 ndi 2012, pamene mlozo wa Case-Shiller wa dziko lonse unatsika ndi pafupifupi 27 peresenti. Sizinatero. Eni nyumba amene anali ndi ngongole yotsika yosasintha kwa zaka 30 anakana kugulitsa, poti kusamuka kukanatanthauza kutenga ngongole yatsopano yodula. Nyumba zogulitsa zinachepa, ogula anachepa, ndipo mu 2023 malonda a nyumba zakale anatsika kufika pafupifupi 4.1 miliyoni, chiwerengero chimene panthawiyo chinali chotsikitsitsa kuyambira 1995. Msika ukafooka, choyamba kugwa ndi chiwerengero cha malonda. Mtengo umatsatira mochedwa, mwinanso osatsatira, chifukwa munthu salola msanga kugulitsa nyumba yake motsika kuposa mmene mnansi wake anagulitsira chaka chatha.

Kukwera kwa chiwongoladzanja kumapweteka kwambiri magulu awiri amene amagula mafulati aang'ono. Wogula koyamba ngongole yake imachepa. Woika alendi amayamba kuwerengera: ngati nyumba ya 100 ikubweretsa lendi ya 5 pachaka, ndipo banki ikupereka 5 yomweyo kwa wongosunga ndalama, popanda kukonza mipope kapena kuthamangitsana ndi wochita lendi, avutikiranji? Koma nthawi zina zimayenda mwina. Mabanja amene sangakwanitsenso nyumba yaikulu amatsikira ku mdadada kapena ku fulati, n'kulimbitsa mitengo ya kumeneko.

## Mliri ndi kumanga

Mu 2020 mliri wa Covid-19 unayesa maganizo a Alonso pamaso pa aliyense. Antchito ambiri a m'maofesi atayamba kugwirira ntchito kunyumba, kuyandikira pakati pa mzinda kunachepa phindu, chipinda chowonjezera ndi bwalo zinakwera phindu. Ku Britain nyumba zoima pazokha zinakwera mofulumira kuposa mafulati, ndipo boma linathandizira pochotsa kwakanthawi msonkho wogulira nyumba ku England pa mapaundi 500,000 oyamba kuyambira July 2020. Ku United States, Arjun Ramani ndi Nicholas Bloom a ku Stanford anapeza kuti m'mizinda ikuluikulu anthu ndi mitengo zinasunthira kuchoka pakati kupita m'mphepete.

Mbali ina ndi ya omanga. Mafulati akakwera mtengo, omanga atha kuwonjezera mazanamazana papuloti imodzi, kungokwera m'mwamba, malamulo a mzinda akalola. Koma nyumba yosanja imatenga zaka kuti ithe, ndipo makampani onse amayamba nthawi imodzi ataona mitengo yomweyo, kotero amamalizanso nthawi imodzi, mwina msika utazizira kale. N'chifukwa chake mafulati atsopano amakonda kusefukira. Nyumba zoima pazokha pafupi ndi pakati pa mzinda sizingawonjezeke motero. Zimangochepa, ina ikagwetsedwa kuti pamangidwe zambiri.

## Ndalama nayo imasintha

Mtengo wa nyumba ukakwera ndi 5 peresenti m'chaka chimene zinthu zonse zakwera ndi 8 peresenti, nyumbayo yatsika ndi pafupifupi 3 peresenti ngakhale nambala yakula. Ndalama ndi muyeso umene umafupika wokha, ngati tepi yoyezera imene yafota: chilichonse chimaoneka chotalika. Mu October 2022 kukwera mitengo kwa zinthu ku Britain kunafika 11.1 peresenti, ndiye nyumba iliyonse imene inakwera mochepera pamenepo inali ikutsika mwakachetechete.

Piet Eichholtz anatsata mitengo ya nyumba za m'mbali mwa ngalande ya Herengracht ku Amsterdam kuyambira 1628 mpaka 1973. Atachotsapo kufooka kwa ndalama, anapeza kuti m'zaka 345 zimenezo mitengo inangowirikiza pafupifupi kawiri, ndipo pakati pake inkagwa kwambiri nthawi za nkhondo ndi miliri. Ku Japan mitengo ya malo inafika pachimake cha m'ma 1991 n'kutsika kwa zaka zoposa khumi zotsatizana. Mawu akuti nyumba siitsika mtengo amanenedwa ndi anthu amene akumbukira zaka makumi ochepa za mzinda umodzi.

## Mafunso amene akadali poyera

Loyamba ndi la ntchito ya kunyumba. Ngati maofesi adzadzanso masiku onse asanu, malo apakati pa mzinda abwezeretsa mtengo wake ndipo mafulati atsatira. Ngati masiku awiri kapena atatu kunyumba akhazikika, ndiye kuti mapu a mitengo asinthiratu. Mabwana ndi antchito akukokanabe, ndipo mizinda ikuyenda mosiyana.

Lachiwiri ndi la malamulo a kamangidwe. Mu 2016 Auckland inalola kumanga nyumba zambiri papuloti imodzi m'gawo lalikulu la malo okhala anthu, ndipo midadada yatsopano inachuluka. Minneapolis inavomereza mu 2018 kuthetsa madera osungidwira nyumba za banja limodzi zokha. Ofuna kusinthaku amati nyumba zikachuluka lendi ndi mitengo zimaphwa. Otsutsa amati puloti imene tsopano ingamangidwe nyumba zisanu ndi imodzi imakwera mtengo, ndiye wopindula ndi mwini malo wakale. Zonse ziwiri zitha kuchitika pamodzi, nyumba yoima payokha kudula pomwe ya mdadada ikutsika, ndipo akatswiri akutsutsanabe za kukula kwa chilichonse mwa ziwirizi.

Palinso nkhani ya mabanja. M'mayiko ambiri olemera anthu akukalamba, ana akubadwa ochepa, okhala okha akuchuluka. Izi zikanayenera kukweza nyumba zazing'ono, koma okalamba ambiri sachoka m'nyumba zazikulu zimene analereramo ana. Kodi nyumba zimenezo zikadzafika pamsika zidzapeza mabanja okwanira ozigula? Nanga madera a madzi osefukira ndi moto wolusa, kumene inshuwalansi ikudula ndipo makampani ena akuchokako, mitengo yake yayamba kale kusonyeza ngoziyo, kapena ogula sanaiwerengere?

Ndipo funso la muyeso weniweniwo silinathe. Ena amati tiziyerekeza mtengo wa sikweya mita, kuti fulati yaing'ono ndi nyumba yaikulu ziyezedwe mofanana, koma muyeso umenewu suona bwalo. Ena amati tiziyerekeza mtengo ndi malipiro a pachaka a banja, koma umenewu suona chiwongoladzanja. Enanso amati tiziyang'ana lendi, poti ndiyo imasonyeza phindu lenileni la kukhala m'nyumba. Mumzinda umene lendi ya mafulati ikukwera pomwe mtengo wogulira mafulati omwewo ukutsika, ndi uti mwa miyeso iwiriyi umene ukunena za mawa?